Kalata yodandaula za zipangizo zosulira zimene munandigulitsa

Kwa Bwana Woyang'anira Malonda,
Kampani yogulitsa zipangizo zakale za m'mawekishopu,
Johannesburg.

Bwana,

DANDAULO PA CHITSULO CHOSULIRAPO NDI MAKINA ONOLERA MIPENI

Ndakulemberani m'Chichewa chifukwa malonda athu tinakambirana m'Chichewa, ndipo sindikufuna kuti pakhale mawu amene mungadzati simunawamvetse. Ine ndimasula mipeni, nkhwangwa ndi zikwanje m'galaja imene ndimachita lendi ku Rosettenville. Mwezi wathawu ndinagula kwa inu zinthu zitatu: chitsulo chosulirapo cha R8 500, makina onolera mipeni oyendera lamba a R10 000, ndi ng'anjo ya gasi ya R3 200. Ndinalipira zonse kudzera kubanki tsiku lomwelo, n'kuwonjezeranso R900 ya galimoto yanu imene inandibweretsera katunduyo. Ng'anjo ndilibe nayo mawu, ikuyaka bwino ndipo ndikuigwiritsa ntchito. Koma zinthu ziwiri zinazo si zimene munalonjeza.

Ndiyambe ndi chosulirapo. Pa malonda amene munaika pa Facebook munalemba kuti n'cha makilogalamu 85, pamwamba pake m'posalala, ndipo sichinawotchereredwepo. Mawu amenewa ndinawajambula pafoni, ndili nawo. Nditabwera kudzachiona ndinapeza chitapakidwa penti wakuda thupi lonse, ndi pamwamba pomwe, pamalo pamene wosula aliyense amadziwa kuti sipapakidwa penti. Ndinatulutsa kanyundo kuti ndimve kulira kwake, koma mnyamata wanu anandiletsa. Anati bwana salola kumenya katundu asanagulidwe kuopa kukanda penti, nanditsimikizira kuti chitsulocho n'chachingerezi chenicheni ndipo chilibe vuto lililonse.

Zoti n'chachingerezi ananena zoona. Nditachotsa penti ndi burashi yawaya, pambali pake panaonekera manambala atatu osindikizidwa: 1, 1 ndi 12. Angerezi akale ankalemba kulemera kwa zosulirapo motere. Nambala yoyamba imawerengedwa mapaundi 112, yachiwiri mapaundi 28, yachitatu ndi mapaundi otsalira. Kuphatikiza zonse ndi mapaundi 152, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 69. Ndinakachikwezanso pasikelo ya ogula zitsulo zakutha, ndipo inagwirizana ndi manambalawo. Inu munandiuza pakamwa kuti mtengo mwawerengera R100 pa kilogalamu. Ndiye kuti R1 600 ndinalipirira chitsulo chimene kulibe.

Bola likanakhala vuto la kulemera lokha, tikanangobwezerana yapamwambayo n'kusiyana bwino. Vuto lenileni lili pamwamba pake. Zosulirapo zakale za mtundu umenewu thunthu lake limakhala la chitsulo chofewa, ndipo pamwamba ankamatapo chitsulo cholimba chaphanthi, kuchilumikiza ndi moto ndi nyundo. Chapamwambacho chikayamba kumatuka, chosulirapo chimakhala chatha ntchito pamalo amenewo. Changachi ndikachimenya chakunyanga, kumbali yosongoka ija, chimalira bwino, kuti ngwee. Ndikamenya pakati, pamene ntchito yonse imachitikira, chimangoti phu, ngati ndikumenya chipika chonyowa. Ndinagwetserapo kachitsulo kobulungira ka mu bering'i. Pa chosulirapo chabwino kachitsulo kameneka kamadumpha n'kubwerera pafupi ndi pamene kanachokera, koma apa kanangonjanja pang'ono n'kugubudukira pansi. M'mphepete muli mng'alu wautali kuposa chikhatho changa, umene munthu wina anautseka ndi ndodo wamba zowotcherera, n'kupalapo ndi grinder, n'kupaka penti. Pamalo powotchererapo m'pofewa moti tupa imadya mosavuta.

Mwina inu simusula, ndiye ndikufotokozereni chimene zimenezi zimachita pantchito. Chitsulo chimene ndimagwiritsa ntchito kwambiri n'cha masipuling'i a galimoto. N'cholimba, ndipo chimafuna kuti nyundo ikatsika mphamvu yonse ilowe m'chitsulo chofiiracho. Chosulirapo chomatuka chimameza mphamvuyo. Munthu umamenya kawiri pamene ukanamenya kamodzi, chitsulo chimazirala usanafike pamene umafuna, umachibwezera pamoto, gasi akungopita, mkono ukuwawa. Pamwamba pofewapo payamba kale kuchita timaenje, ndipo kaenje kalikonse kamadindika pa mpeni umene ndikusula. Choopsa kwambiri n'chakuti chitsulo cholimba chikang'aluka chimatha kuthetheka n'kuuluka. M'galajamo ndimagwira ntchito ndi mwana wa mchimwene wanga amene ndikumuphunzitsa, ndipo sindingamuimike pafupi ndi chinthu chimene chingamuboole diso.

Tsopano za makina onolera. Munalemba kuti ndi a magetsi a m'nyumba, ongolumikiza pasoketi n'kuyamba ntchito. Kuwekishopu kwanu munawayatsa ine ndikuona, ndipo anazungulira. Chimene simunandiuze n'chakuti kwanuko muli ndi magetsi a mafakitale, a three-phase, ndipo chingwe chimene munawayatsira munachichotsa musanawakweze m'galimoto. Kachitsulo kolembedwa mphamvu ya mota nakonso kanali kopakidwa penti. Wamagetsi amene ndinamuitana anatsegula kabokosi ka mawaya, napeza kuti motayo ndi ya three-phase ndipo ilibe capacitor imene mota za magetsi a m'nyumba zimakhala nayo. M'galaja mwanga, monga m'nyumba zambiri muno, muli magetsi a mavoti 230 a single-phase basi. Kuti makinawa ayende ndiyenera kugula kabokosi kosinthira magetsi kotchedwa VFD kapena mota ina, ndipo zonse ziwiri ndi ndalama zambiri zimene sindinazikonzekere. Mnzanga wina wa wekishopu ku Booysens anandilola kukawayesera kwake. Kumeneko ndi kumene tinapezanso kuti bering'i ya gudumu lowongolera lamba inatha, moti lamba amathawira kumbali n'kudyeka m'mphepete. Malamba a mamilimita 50 m'lifupi ndi 1 830 m'litali sapezeka m'sitolo ina iliyonse, ndipo si otchipa kuti munthu aziwaononga poyesera makina.

Chimene chandipweteka kuposa zitsulozi ndi mmene mwandilandirira nditabwera ndi dandaulo. Mafoni anga mukumawadula. Pa WhatsApp mauthenga akuoneka kuti mwawerenga, koma yankho kulibe. Nditafika ndekha kuofesi kwanu anandiuza kuti mwatuluka, galimoto yanu ili panja pomwepo. Mayi wa pakauntala, amene ndikuona kuti ankangochita zimene anauzidwa, anandilozera chidindo chimene chili pa lisiti cha mawu akuti voetstoots, kutanthauza kuti katundu wagulitsidwa mmene alili, nati katundu wakale sabwezedwa. Chidindo chimenecho chinadindidwa nditalipira kale. Palibe amene anandiuza za icho tisanagwirizane mtengo, ndipo palibe pamene ndinasayina.

Sindikudandaula kuti katunduyu ndi wakale. Ndinadziwa kuti ndikugula zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo dzimbiri, mikwingwirima kapena m'mphepete mobenthuka pang'ono sindikanazitchula n'komwe. Osula ambirife timakonda zakale chifukwa zatsopano zabwino mtengo wake sitingaufikire. Mukanandiuza kuti chosulirapo chinang'aluka ndipo chinawotchereredwa, mwina ndikanagulabe pamtengo wotsika kuti ndiziwongolerapo zitsulo zing'onozing'ono. Mukanandiuza za mota, ndikanawerengera ndalama ya VFD ndisanalipire. Koma inu munalemba zosiyana ndi zimene zilipo, ndipo penti anapakidwa ndendende pamalo pamene panali zilema.

Lamulo la dziko lino loteteza ogula, Consumer Protection Act 68 la 2008, silipatula katundu wakale akagulitsidwa ndi kampani imene malonda ake ndi omwewo, ngati yanuyi. Gawo 55 limapatsa wogula ufulu wolandira katundu wabwino, wopanda zilema, woyenera ntchito imene amagulira. Wogulitsa amamasuka pokhapokha ngati anamuuza wogula momveka za mmene katunduyo alili, wogulayo n'kuvomera kumutenga choncho. Gawo 56 limati m'miyezi isanu ndi umodzi chilandirireni katundu, wogula akhoza kumubweza popanda chilango, ndalama zonyamulira zili kwa wogulitsa, ndipo amene amasankha pakati pa kukonza, kusinthitsa ndi kubwezeredwa ndalama ndi wogulayo. Gawo 41 limaletsa kunena zabodza kapena zosocheretsa pa katundu, ngakhale kubisa mfundo yofunika. Ndikudziwa kuti katundu wogulidwa pa okushoni malamulo ake ndi ena, koma ine sindinagule pa okushoni. Ndinagula pakauntala panu, pamtengo umene munaika nokha.

Choncho ndasankha kubwezeredwa ndalama. Ndikupempha R8 500 ya chosulirapo ndi R10 000 ya makina onolera, pamodzi R18 500, mu akaunti yanga imene ndalamazo zinachokera. Mutumize galimoto yanu idzatenge zinthu ziwirizi, ndalama yonyamulira ikhale yanu. Makinawa sindinawasinthe china chilichonse, ndipo pa chosulirapo ndinangochotsa penti. R900 ija ndaisiya chifukwa galimotoyo inanyamulanso ng'anjo imene ndikuisunga. Kukonza sindikufuna. Kuti chosulirapo chomatuka chikonzeke pamafunika kuchitenthetsa chonse ndi kuwotcherera ndi ndodo zapadera zolimba, ndipo ntchito imene ndaiona pa mng'alu uja sikundipatsa chikhulupiriro choti mungaichite bwino.

Nthawi ikundithera. Ndili ndi maoda a mipeni ya anthu a mabutchala ndi ootcha nyama, ndiponso nkhwangwa ndi zikwanje za abale athu amene amakwera nazo mabasi popita kumudzi pa Khirisimasi. Ena anapereka kale ndalama zachikole. Pakadali pano ndikusulira pa chidutswa cha njanji n'kumamalizira ndi tupa, moti ntchito ya tsiku limodzi ikumatenga sabata. Ndalama imene ili kwa inuyo ndi yomwe ndikufuna kugulira zipangizo zina.

Ndikupatsani masiku 14 kuchokera tsiku limene mulandire kalatayi. Akatha musanabweze ndalamazo, ndikasiya dandaulo langa ku mabungwe omva madandaulo a ogula, ku Consumer Goods and Services Ombud ndi ku National Consumer Commission, ndipo ngati kungafunike ndikasuma ku Small Claims Court, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Kalata ino muitenge ngati chidziwitso chimene bwalolo limafuna munthu asanasume. Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza lisiti, umboni wa kubanki, zithunzi za malonda anu a pa Facebook, zithunzi za mng'alu ndi manambala a kulemera, ndi kalata ya wamagetsi uja.

Ndikupemphanso chinthu chimodzi chimene sichikukhudza thumba langa. Pamene ndinabwera komaliza ndinaona zosulirapo zina ziwiri pakhomo panu zitapakidwa penti wakuda yemweyo mpaka pamwamba. Ambiri amene amagula kwa inu ndi Amalawi anzathu amene amabwera chifukwa amva kuti pali munthu wakwathu, ndipo ena mwa iwo ndi anyamata ongoyamba kumene, osadziwa kuyesa chitsulo. Chotsani pentiyo, muziwalola kumenya ndi nyundo asanalipire, ndipo pa makina alionse muzilemba mtundu wa magetsi amene amafuna.

Yankho lanu mundipatse polemba, pa WhatsApp kapena pa imelo imene ili pa lisiti, ndipo mutchule tsiku limene galimoto ibwere.

Ine wodandaula,
Wosula mipeni wa ku Rosettenville