Kwa a Nduna ya Zaumoyo: kamasiki ka buluu kaja sikutiteteza ku TB

Olemekezeka a Nduna,

Ndine namwino pachipatala china, dzina sinditchula. Mnzanga wa mu wodi ya azibambo wayamba mankhwala a TB mwezi wathawu, akhala akumwa kwa miyezi 6, munthu woti anabwera kudzasamala odwala. N'chifukwa chake ndalemba.

Mukabwera kudzatiyendera mumatipeza tonse tavala kamasiki ka buluu kaja ndiye mumaona ngati zonse zili bwino. Ayi ndithu bwana. Kaja ntchito yake n'kutchinga malovu a wovalayo, n'koyenera kumuveka wodwala amene akutsokomola. Tizilombo ta TB timayandama mumpweya maola angapo, makamaka usiku odwala akatseka mawindo kuopa kuzizira ndi udzudzu, ndipo mpweyawo umangolowera m'mbalimu pamasayapa. Chotiteteza ifeyo ndi masiki yotchedwa N95 yomwe imasefa 95 peresenti ya tinthu ting'onoting'ono, koma pokhapokha itagwira nkhope osasiya mpata.

Nkhani yagona pamenepo. Kutitumizira makatoni a saizi imodzi n'kutaya ndalama chifukwa nkhope zimasiyana, ena tinkhope tating'ono, ena masaya ngati anga, a ndevu ndiye kaya, ndevu zimasiya mpata. Pali chomwe amati fit test, amakuveka chinthu ngati chithumba kumutu utavala masikiyo n'kupoperamo mankhwala owawa kapena otsekemera, ukangomva kukoma kwake mkamwa ndiye kuti ikulowetsa mpweya, uyesere ina. Ineyo zaka zonsezi sanandiyezepo olo kamodzi. Malangizo a WHO a 2019 amati masiki amenewa azibwera ndi dongosolo lake lonse, osati kungogawa basi.

Kumbukirani zomwe zinamveka mu 2006 kuchokera ku Tugela Ferry ku South Africa. Mwa odwala 53 a TB yosamva mankhwala ya XDR, 52 anamwalira, ndipo ena mwa iwo anali ogwira ntchito zachipatala. Onse amene anayezedwa magazi anali ndi HIV. Nafenso ena timamwa ma ARV mwakachetechete, sitingapite kwa matroni kukanena kuti musandiike ku wodi ya TB.

Chondipweteka n'choti nthawi ya Covid ma N95 tinawaona, ndiye kuti njira yowapezera ilipo. Covid itangozizira anasowa, lero imodzi munthu amaisunga mu envulopu sabata yonse mpaka timalamba take kutha mphamvu.

Ikani ma N95 mu bajeti ya pulogalamu ya TB chaka chilichonse, a masaizi osiyanasiyana, ndi fit test yake. Ndipo pogawa musamawerenge madokotala ndi anamwino okha. Mayi wokolopa mu wodi, a ku labu oyeza makhololo ndi ma HSA otolera makhololo kumidzi, mpweya womwe amapuma ndi womwewo.

Ine wanu,
Namwino wa naiti