Kalata kwa mnzanga: chaka choyamba cha Tokyo Frog Kings

Wokondedwa mnzanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi banja lonse kutali komwe muliko. Kalata yanu ndinailandira, ndipo mawu amene sakundichoka m'mutu ndi aja munanena kuti kusambira ndi masewera a munthu mmodzi, choncho kupanga matimu a osambira ndi nzeru chabe ya anthu amalonda. Pamenepa sindikugwirizana nanu, ndipo ndikufuna ndikukumbutseni mmene timu ya Tokyo Frog Kings inachitira m'chaka chake choyamba mu International Swimming League, ligi ya matimu a akatswiri osambira ochokera m'maiko osiyanasiyana.

Ligiyi anaiyambitsa ndi Konstantin Grigorishin, mkulu wa zamalonda wa ku Ukraine, ndipo inayamba mu 2019 ndi matimu 8. Mu 2020 anawonjezera matimu awiri, Toronto Titans ndi Tokyo Frog Kings. Alendowa anafika m'chaka chowawa, pakuti mliri wa Covid-19 unali utatseketsa maiwe osambiramo m'maiko ambiri, ndipo masewera a Olimpiki amene amayenera kuchitikira ku Tokyo komweko anali atasunthidwa kuti adzachitike mu 2021. Motero matimu onse 10 anasonkhanitsidwa ku Budapest, m'dziko la Hungary, kumene anapikisana mu Duna Arena m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala popanda oonerera. Taganizirani timu yotchedwa ndi dzina la mzinda wa Tokyo kumaliza chaka chathunthu osasambirapo pamaso pa anthu a kwawo.

Amene anaitsogolera anali Kosuke Kitajima, yemwe anapata mendulo zinayi zagolide pa kasambiridwe ka breaststroke (kusambira chafufumimba ngati chule) ku Olimpiki ya 2004 ndi ya 2008, ndipo mphunzitsi wamkulu anali Dave Salo wa ku America. M'madzi munali Ryosuke Irie, katswiri wosambira chagada, Kosuke Hagino ndi Yui Ohashi, pamodzi ndi ena ochokera kunja kwa Japan monga Vladimir Morozov.

Koma maina otchuka paokha sankapambanitsa timu m'ligi imeneyi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Pa mpikisano uliwonse pankakumana matimu anayi m'dziwe la mamita 25, ndipo timu iliyonse inkalowetsa osambira awiri pa liwiro lililonse. Woyamba ankapeza mapointi 9, wachiwiri 7, wachitatu 6, mpaka wotsiriza amene ankapeza pointi imodzi, pamene pa mipikisano yopatsirana ya anthu anayi mapointiwo ankawirikiza kawiri. Izi zikutanthauza kuti munthu amene akulimbirana malo achisanu, yemwe ku Olimpiki palibe angamukumbuke, m'ligiyi ankamenyera timu yake chinthu chenicheni. Kuwonjezera apo, mu 2020 anakhazikitsa lamulo la jackpot, loti wopambana akasiya mnzake ndi nthawi yopitirira malire oikika, amalanda mapointi a wotsalirayo. Lamuloli ine sindinalikonde, chifukwa linkanenepetsa matimu amene anali kale ndi akatswiri oposa onse, monga Cali Condors ya Caeleb Dressel, katswiri wa ku America, ndipo linkalanga timu yatsopano imene wosambira wake wachiwiri sanakhwime. Panalinso mpikisano wa skins, wa mamita 50 wochotsana m'ndime zitatu, umene osambira 8 ankatsala anayi, kenako awiri, akungopuma mphindi zochepa pakati pake. Kumeneko timu yosowa anthu aliwiro ndi opirira inkataya mapointi ochuluka m'kanthawi kochepa.

Pansi pa malamulo ouma choterewa, Tokyo inalowa m'gulu la matimu 8 amene anafika mu semifainolo, ndipo Toronto nayonso inatero, pamene DC Trident ndi Aqua Centurions, matimu amene analipo kuyambira pachiyambi, anatsala m'njira. Mu semifainolo Tokyo inakhala yachitatu pambuyo pa Energy Standard ndi London Roar, ndipo ulendo wake unathera pomwepo. Chikho anatenga a Cali Condors. Ena anganene kuti timu imene sinafike m'ndime yotsiriza ilibe chonyadira, koma ine ndikuona kuti kwa anthu amene anasonkhanitsidwa pakati pa mliri, olankhula zinenero zosiyana ndiponso ozolowera kusambira aliyense payekha, kufika pamenepo inali ntchito yaikulu. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo m'chaka chimene mipikisano yambiri inaimitsidwa, masabata a ku Budapest ndi amene anapatsa osambirawa mpata wolimbana ndi anzawo amphamvu. Sindinena kuti ligiyi ndi imene inapangitsa Yui Ohashi kupata mendulo ziwiri zagolide ku Olimpiki ya Tokyo mu 2021, komabe amene anamuona ku Budapest sanadabwe nazo.

Pa nkhani ya malonda muli ndi mfundo, ndipo sindingakubisireni. Ligiyi inalonjeza zabwino, monga mphotho zofanana kwa amuna ndi akazi komanso kukana wosambira aliyense amene analangidwapo chifukwa cha mankhwala owonjezera mphamvu, koma inkadalira kwambiri thumba la munthu mmodzi. Panamveka madandaulo a kuchedwa kwa malipiro, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, mipikisano ya chaka chimenecho inalephereka. Zimenezi zimandipweteka mtima, makamaka ndikaganizira osambira apakatikati amene kwa nthawi yoyamba anayamba kuona kusambira ngati ntchito yowadyetsa. Cholakwika chinali kayendetsedwe ka ndalama, osati ganizo lokhala ndi matimu.

Ngati mungapeze mpata, fufuzani pa intaneti makanema a mipikisano yopatsirana ya timu ya Tokyo ya mu 2020, ndipo muyang'anitsitse osambira amene aima m'mbali mwa dziwe akuchemerera mnzawo. Mukatero mundilembere maganizo anu. Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ndine mnzanu wapamtima.