Ndege samanga munthu ali yekha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa za anzathu okonda kupanga ndege pakhomo. Ikangomveka nkhani yoti wina wawotcherera helikopita ndi zitsulo za ku sikirapu timathamangirako kukajambula, ena kumuseka ena kumuombera mmanja, mawa taiwala chinthu chija nkumachita dzimbiri kuseli kwa nyumba. Ine ndi makaniko ndipo zimandiwawa, luso alinalo munthu uja koma ali yekhayekha, palibe omuuza kuti apa mwalakwitsa achimwene.

Taonani zomwe zinachitika ku South Africa mu 2019. Ana asukulu 20 anamanga ndege ya anthu anayi yotchedwa Sling 4 mmasabata atatu okha. Zida zinabwera zodulidwa kale kuchoka ku fakitale ya kufupi ndi Johannesburg, iwo yao inali kulumikiza, wina wagwira lata la aluminiyamu wina akukhoma ma riveti wina maso ali pa pulani, ndipo pambali panali ma injiniya kuona chilichonse, bawuti ikapanda kumangika bwino amasule ayambirenso. Anayambitsa ndi mtsikana wa zaka 17 Megan Werner, ndipo ndegeyo inauluka kuchoka ku Cape Town mpaka Cairo, makilomita pafupifupi 12,000, kuno ku Malawi inateranso.

Sindikuti nzamasewera ayi. Pobwerera ndege ina yomwe imawaperekeza inagwa ku Tanzania, bambo ake a Megan ndi mnzawo anafera pomwepo, anthu odziwa ntchito yao. Ndiye tangoganizani munthu ali yekha ndi injini ya njinga yamoto, mapiko ongoyezera ndi maso.

Ku America gulu la anthu omanga ndege pakhomo lotchedwa EAA linayamba mu 1953, a Paul Poberezny ndi anzawo ochepa chabe, ofesi yake inali mchipinda cha pansi kunyumba kwao. Lero chaka chilichonse mu July amakumana mu mzinda wa Oshkosh ndipo ndege pafupifupi 10,000 zimatera kumeneko, zina mwa izo zomanga okha mma garaja.

Pempho langa kwa akuluakulu oyang'anira za ndege ndi ma koleji a ntchito zamanja, tiuzeni malamulo ake poyera, mutipatseko injiniya olo mmodzi azititsogolera, ife owotcherera, amagetsi ndi opana bodi tikumane tiyambe ndi phiko limodzi kaye. Garaja yanga Loweruka masana imangokhala, kompuresa ndi dirilo zilipo.

Makaniko,
Ndirande