Usasiye mankhwalawo pawekha

Wokondedwa mwana wanga,

Chilankhulireni pafoni Lamlungu lija mtima wanga sunakhale pansi. Unati mapiritsi a amitriptyline aja wamwa masiku 10 koma palibe chasintha, ndiye ukufuna kuwasiya. Chonde usatero. Mankhwala a matenda a kukhumudwa si panado woti wamwa m'mawa, masana mutu waleka. Amatenga masabata 2 mpaka 4, mwina 6, kuti uyambe kumva kupepukidwa.

Inetu ndinadutsamo. Bambo ako atatisiya, adokotala anandipatsa mapiritsi omwewo. Patatha miyezi iwiri ndinayamba kudya, kumunda ndikupita, basi ndinati ndachira, kapepala ka mapiritsi n'kukaponya pansi pa sutikesi. Sipanathe sabata, chizungulire, nseru, usiku wonse maso ali gwa kudenga, kenako chisoni chija chinabwerera chonse. Anamwino ndi amene anandiuza kuti munthu ukapeza bwino umamwabe miyezi yosachepera 6, ndipo posiya adokotala amachita kukuchepetsera pang'onopang'ono.

Kuuma m'kamwa ndi kudzimbidwa zisakuopse, uzimwa madzi ambiri. Mapiritsiwa amagonetsa, n'chifukwa chake anati uzimwa usiku. Podzuka uziyamba wakhala kaye pabedi, ukadzambatuka ugwa. Mowa ndiye ayi, ngakhale wa paukwati. Ukapita kuchipatala ndi vuto lina, kapena ukaona kuti waima, uziwauza zimene ukumwa, chifukwa mankhwala ena, monga tramadol wopha ululu, sagwirizana nawo. Mankhwala azitsamba amene anzako akukuuzawo uyambe wafunsa adokotala.

Mdzukulu wanga uja amapisa m'chikwama chako kufuna maswiti, ndinamuona ndi maso angawa. Mapiritsiwa akachuluka m'thupi amasokoneza kagundidwe ka mtima, kwa mwana angapo chabe ndi ngozi. Uziwatsekera m'kabati ya pamwamba.

Chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ichi. Masabata oyambirira ena, makamaka osafika zaka 25 ngati iwe, amabwererwa ndi maganizo ofuna kudzipha. Zikakufikira zimenezo usadikire tsiku limene anakulembera. Pita kuchipatala tsiku lomwelo, undiimbire ngakhale pakati pa usiku. Foni ndikumagona nayo kumutu.

Loweruka ndikwera basi ya m'mawa, ndibweretsa ufa ndi nkhwani wotendera uja umakonda. Lolemba tikapitire limodzi kwa adokotala.

Ndine mayi ako.