Tikumbuke Dave Arneson, masewera onga ake amangofuna madayisi awiri ndi kope

Akonzi,

Tiloleni tikumbutse awerengi anu za munthu amene dzina lake silimveka kawirikawiri, chonsecho achinyamata ambiri amene amakhalira magemu a pa foni ndi pa kompyuta akudyerera nzeru zake. Munthuyu ndi Dave Arneson wa ku Minnesota m'dziko la America, amene anabadwa pa 1 Okutobala 1947 n'kumwalira ndi khansa pa 7 Epulo 2009 ali ndi zaka 61. Iyeyu ndi Gary Gygax ndiwo anatulutsa masewera a patebulo otchedwa Dungeons & Dragons mu 1974. Anthu amakonda kutchula Gygax yekha, poti ndiye anasanja malamulo ake komanso ndi mmodzi mwa amene anayambitsa kampani ya TSR, imene inasindikiza masewerawa. Ife tikuti mbewu yake inafesedwa ndi Arneson.

Kale okonda masewera a patebulo ankamenyanitsa tizidole ta asilikali, munthu aliyense akulamula gulu lake la nkhondo. Mu 1971 Arneson anayambitsa masewera amene anawatcha Blackmoor, momwe wosewera aliyense ankakhala mtengambali mmodzi yekha, wa dzina lake ndi katundu wake. Mtengambaliyo akapulumuka lero, sabata yamawa ankabweranso ndi zonse zimene wapeza, mphamvu zake zitakwererako. Izi za kukwera malevulo mukuziona m'magemu lerozi gwero lake ndi limeneli. Chakumapeto kwa 1972 Arneson anakamuonetsa Gygax masewerawa ku Lake Geneva, tawuni ya ku America komweko kumene Gygax ankakhala, ndipo Dungeons & Dragons atatuluka anali timabuku titatu m'kabokosi, makope 1,000 okha, pa mtengo wa madola 10. Pambuyo pake awiriwa anakanganirana ndalama mpaka Arneson anasumira TSR mu 1979, nkhani n'kudzatha mwa kukambirana mu 1981.

Chimene tikufuna aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a achinyamata kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo adziwe n'chakuti masewerawa safuna kuitanitsa bokosi kunja. Ndi nthano ndithu, kungoti omvera sangoyankha kuti "tili tonse", iwonso ali m'kati mwa nthanoyo ndipo amasankha okha chochita.

Pamafunika anthu anayi kapena asanu, kuphatikizapo mtsogoleri mmodzi amene amafotokoza malo, kuyankhulira anthu onse okumana nawo m'njira ndi kugamula zotsatira. Pakhale madayisi awiri a ludo, kope, pensulo, zitsekerero za mabotolo zoimira atengambali, ndi njere za chimanga. Osewera akapitirira asanu ndi mmodzi zinthu zimasokonekera, chifukwa munthu amadikira nthawi yaitali kuti mpata wake ufike, ndiye amayamba kucheza za mpira.

M'malamulo a 1974 mtengambali ankakhala ndi mikhalidwe 6, ndipo uliwonse ankaupeza poponya madayisi atatu, zotsatira zake kuyambira 3 mpaka 18. Madayisi atatu amagwa m'njira 216, ndipo 18 amatuluka m'njira imodzi yokha, pomwe 10 ndi 11 pamodzi amatenga njira 54. N'chifukwa chake atengambali ambiri ankakhala anthu wamba, ngwazi inali ya apo ndi apo. Kwa oyamba kumene, mikhalidwe itatu ndi yokwanira: nyonga, nzeru ndi pakamwa. Wosewera agawe manambala 2, 1 ndi 0 pa mikhalidweyi mmene akufunira, alembe dzina la mtengambali wake, ntchito yake ndi zinthu zitatu zimene wanyamula. Izi zisadye mphindi zopitirira 10.

Kaponyedwe kake, kamene ndi kofewetsa osati ka m'mabuku aja, kali motere. Wosewera anene chimene akufuna kuchita, mwachitsanzo kuwoloka mtsinje wa Likhubula utadzaza. Mtsogoleri anene nambala yofunika asanaponye, osati ataponya kale. Aponye madayisi awiri, aphatikize, awonjezere nambala ya mkhalidwe woyenera. Ntchito ya masiku onse ifune 7, yovuta ifune 9, yoika moyo pachiswe ifune 11. Madayisi awiri amagwa m'njira 36. Mwa izi, 21 zimafika pa 7, 10 zimafika pa 9, ndipo zitatu zokha ndizo zimafika pa 11. Wa nyonga 2 pa ntchito ya 7 amapambana m'njira 30 mwa 36. Mtsogoleri amene sadziwa masamu amenewa amangotchula 10 kapena 11 paliponse poganiza kuti akukometsa, mapeto ake osewera amalephera motsatizana mpaka kugwa ulesi. Aphunzitsi a masamu aonepo mwayi apa.

Njere za chimanga zija ndi moyo wa mtengambali. Mu 1974 chida chilichonse chinkavulaza ndi dayisi imodzi, ndipo wongoyamba kumene moyo wake unalinso wa dayisi imodzi, kotero nkhonya imodzi inkatha kumutsiriza. Patebulo la ana a sukulu zimenezo sizithandiza, chifukwa amene wafa m'mphindi 15 zoyamba amangokhala manja lende kwa maola awiri. Aliyense ayambe ndi njere 8, akavulala achotse ziwiri, zikatha akomoke ndipo anzake amunyamule.

Mtsogoleri ajambule mapu a malo 6 kapena 8, osapitirira apo: msika, mlatho, nkhalango ya mikungudza, phanga. Pa malo aliwonse alembe mizere iwiri, wina wa chimene chilipo, wina wa chimene munthu wa pamenepo akufuna. Asalembe mathero. Apa ndi pamene ambiri amagwera, makamaka odziwa kulemba nkhani. Amabwera ndi nthano yathayatha, ndiye osewera akati tilowera ku Muloza iye amawakokera ku Chitakale chifukwa ndiko kuli tsamba lake lotsatira. Osewera sachedwa kuzindikira kuti maganizo awo alibe ntchito. Vuto lina ndi kuponyetsa madayisi pa chilichonse, ngakhale kutsegula chitseko chosakhoma. Dayisi igwe pokhapokha pamene kulephera kubweretsa chatsopano. Ndipo chinsinsi chimene nthano yonse yatsamirapo chisabisike kuseri kwa kuponya kumodzi. Chikhale ndi njira zitatu zochipezera, apo ayi dayisi ikakana masewera aima. Wolongolola asalande tebulo: mtsogoleri azizungulira, kufunsa aliyense ndi dzina kuti "nanga inu mukutani?"

Makolo ena akaona madayisi aganiza za juga, ndipo sitingawadzudzule. Patebulo pasaoneke ndalama ngakhale K50, chifukwa m'masewerawa mulibe wodya mnzake, onse ali mbali imodzi. Enanso adzati ndi zausatana. Ku America nako m'zaka za m'ma 1980 kunabuka mantha otere pa Dungeons & Dragons. Njira yabwino ndi kusewerera poyera, pakhonde kapena m'kalasi, kholo kapena mkulu wa mpingo n'kukhala pomwepo kumvetsera.

Pali chimodzi chimene sitinyengerera. Phiri lathu lili ndi nkhani zambiri, za Napolo, za Sapitwa, za chakudya chimene amati ukachipeza m'phirimo udye wekha osaitana mnzako, ndipo zonsezi zimakoma m'masewera. Koma munthu weniweni wa m'mudzi, kaya gogo wa kuseri kwa tchalitchi kaya mlendo wongobwera kumene, asalowetsedwe m'nthano ngati mfiti kapena chilombo, ngakhale mwa nthabwala. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa mu 2017, mmene anthu osalakwa anaphedwera m'maboma athu ano. Ana akatuluka patebulo amakabwereza zimene amva, ndipo womva kunjako sadziwa kuti zinachokera pa dayisi. Mayina onse akhale opeka, midzi ya adani ikhalenso yopeka, ndipo mtsogoleri anene lamuloli mokweza asanatulutse madayisi m'thumba.

Ndife,
Okonda masewera a patebulo,
Chitakale, Mulanje