Kusikelo akuti magazi anga sakudziwika, nditani?

Azakhali,

Ndikulemba usiku, tulo tandithawa. Ndimakhala ku Chibavi, ndili ndi pathupi pa miyezi inayi, ndipo bambo a kunyumba ali pa ulendo wa ku Songwe ndi lole ya abwana awo.

Kusikelo anandiyeza magazi kuti aone ngati ndili ndi kachilombo ka HIV. Kachipangizo koyamba kanaonetsa mizere iwiri, kusonyeza kuti kachilombo kalimo. Kachiwiri, kamtundu wina, mzere umodzi, kusonyeza kuti mulibe. Anabwereza, zomwezo. Anamwino anati sangandiuze kuti ndili ndi HIV, sangandiuzenso kuti ndilibe, ndibwerenso pakatha masabata 2. Akuti koyambako kamagwira msanga ndipo nthawi zina kamanamiza, ngakhale kwa amayi oyembekezera. Koma akutinso mwina kachilombo kangolowa kumene, thupi silinapange asilikali okwanira kuti kachiwiriko kawaone. Ndiye ine ndili mbali iti?

Mwezi watha thupi linatentha, pakhosi pakuwawa. Malungo sanapezeke, anati ndi chimfine cha kuzizira kwathu kuno, ndimwe Panado. Pano ndamva kuti kachilombo kakangolowa ena amamva chimodzimodzi.

Zanga za m'mbuyo sindilemba muno, nyuzipepala amawerenga ambiri. Koma chikwatiwireni sindinayendepo, Mulungu ndi mboni. Bambowa foni anaika pasiwedi, ikalira amakayankhira kuseri kwa bafa. Nditawapempha kuti tipite limodzi kusikelo anati imeneyo ndi ntchito ya azimayi, pomwe amuna anzawo amakhala pabenchi pomwepo. Mwina ndikuwanamizira. Koma bafa, Azakhali?

Apongozi abwera kuchokera ku Ekwendeni, akuti kudzandithandiza. Dzulo ndinasiya nsima, iwo n'kuuza aneba kuti ndikunyoza ufa wawo chifukwa ndinazolowera kondowole kwathu. Ufawo ndinagayitsa ndine, ndi ndalama zanga za mandasi! Buku lakuchipatala ndabisa m'thumba la makala chifukwa amafufuza chilichonse.

Chondipweteka ndi mwanayu. Kuyambira 2011 kuno ku Malawi mayi woyembekezera akapezeka nako amayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti mwana atetezeke. Ine andibweza chimanjamanja, akuti mankhwalawa ndi a moyo wonse, sapereka asanatsimikize. Nanga ngati kachilomboko kalimo, masiku amenewa sikakupita kwa mwana? Mnzanga wina amene amamwa wati andigawireko pabotolo lake. Ndimwe? Kapena zisokoneza zoyeza zikubwerazo? Ndamvanso kuti pali kuyeza kwina kofufuza kachilombo kenikeniko m'magazi, kotumiza kulabu. Munthu wamba ngati ine angapemphe?

Bambo akubwera Loweruka. Ndikawauza, anena kuti ndabweretsa ndine, poti woyamba kuyezedwa ndi amene amasenza mlandu. Ndikatulutsa kondomu, afunsa chifukwa, apongozi akumva kuchipinda chinacho. Ndikangokhala chete, ndipo iwo alibe, kapena ine ndilibe... Ndiwauze mawu anji Loweruka usiku?

Ine mayi wa ku Chibavi,
Mzuzu