Akuluakulu a ODL, malikisi anga asowera pati?

Ndalemba pano pa peji panu chifukwa ku inbox mumangowerenga osayankha, foni ya ku ofesi nayo imangoitana mpaka kuduka yokha. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Ntchisi, ndikupanga dipuloma kudzera mu pulogalamu yanu ija ya ODL, yophunzira uli kwanu, imene makoleji atatu munagwirizana kuti muzibwerekana malekichala, ndipo masukulu angapo a sekondale akhale masenta athu.

Kunena zoona nditamva za mgwirizanowu ndinasangalala kwambiri. Ndinati tsopano nanenso ndiphunzira osasiya ana a sitandade 6 okha m'kalasi, osasiya banja. Tonse tikukumbuka 2020 masukulu atatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid, ana athu ankamvera maphunziro pa wailesi ndipo ena anagwirako ndithu. Ngakhale kalelo, Malawi Correspondence College inayamba mu 1965, malume anga anapeza JC yawo choncho, maphunziro akubwera pa positi. Ndiye kuphunzira patali si chinthu chachilendo kwa ife ayi, ndipo ine sindikudana nako.

Chandipweteka ndi ichi. Semesita yathayi portal yanu ya pa intaneti inagwa sabata yomwe timayenera kupereka asayimenti, masiku atatu osatseguka, ine kukwera pa chulu kuseri kwa sukulu kusaka netiweki bando n'kumangotha. Alekichala, omwe ndi a koleji inayo, analemba pa gulu la WhatsApp kuti tikapereke pamanja ku senta. Ndinakwera kabaza, kenako minibasi mpaka ku boma, ndinapereka, ndinasayina mu hadikava ya a kodineta. Zotsatira zatuluka, pa kosi imeneyo palibe kanthu, akuti sindinapereke.

Ndiye tamvani mmene ndazungulira. Ku koleji komwe ndinalipira fizi akuti kosiyo siyathu, funsani kumene kuli alekichala. Kumeneko akuti dzina lanu mulibe mu sisitimu yathu poti munalembetsa kwina. Ku senta a kodineta akuti ife timangopereka chipinda ndi mabenchi, envulopu tinatumiza. Anatumiza kwa ndani, palibe akundiuza. Polandira ndalama akaunti inali imodzi, koma pano pavuta aliyense akuloza mnzake, kodi mgwirizano umenewu mwini wake ndani? Ndipo sindili ndekha, pa senta pathu tilipo anayi a vuto lomweli, mayi wina analembera asayimentiyo ali ndi khanda la miyezi iwiri kumbuyo, pano akungolira.

Mukuti tibwereze kosi, tilipirenso. Abwana, chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 malipiro a mphunzitsi amatha tsiku la 15 la mwezi lisanafike, fizi yoyambayo ndinachita kutenga ku banki nkhonde ndipo ndikubwezabe ndi chiongola dzanja.

Pali zinanso. Mamojulo osindikiza omwe tinalipirira sanabwere, timawerenga PDF pa kafoni kotchajitsa ku babashopu. Makalasi a Zoom mumaika 10 koloko m'mawa pomwe tonsefe tili ndi choko m'manja, osajambulako ngakhale mawu okha kuti tidzamvere usiku.

Chonde tipatseni munthu mmodzi, wa dzina ndi nambala yoyankhidwa, amene akhale woyankha za ophunzira onse posatengera kuti kosi ikuchokera koleji iti. Asakeni mapepala athu anayiwo achongedwe. Ine lisiti ya ku banki ndili nayo, chithunzi cha tsamba la hadikava lomwe ndinasayina chili mu foni, uthenga wa alekichala uja sindinafufute. Ahedi andilola kuchoka Lachisanu, ndiye ndiuzeni pompano kuti ndifike pa ofesi iti mwa zitatuzo komanso ndikafunse ndani, ndalama ya thiransipoti ndili nayo ya ulendo umodzi wokha.